Momwe mungaphunzitsire fizikisi kwa ophunzira sayansi a chaka choyamba ku yunivesite

Tsiku loyamba, musanalembe fomula iliyonse pa bolodi, tengani kampira mukaponye m'mwamba. Kenako funsani kalasi kuti pamene kampirako kafika pamwamba penipeni, kasanayambe kutsika, ndi mphamvu zanji zikukakoka kapena kukakankha. Aliyense alembe yankho pa kapepala, osalembapo dzina.

Nditachita izi koyamba, timapepalato tinandidetsa nkhawa. Ambiri analemba kuti mphamvu ya dzanja idakali m'kampiramo, ndipo pamwamba paja yangofanana ndi kukoka kwa dziko. Awatu ndi ophunzira oti anakhoza bwino ku sekondale ndipo fomula ya Newton ya mphamvu, F = ma, amaidziwa pamtima. Zoona zake n'zakuti dzanja likangotaya mpira, chotsala ndi kukoka kwa dziko basi, tikauika pambali mpweya. Liwiro la mpirawo limasinthabe ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ngakhale pamwamba pomwepo.

Wophunzira sabwera ndi mutu wopanda kanthu. Amabwera ndi fizikisi yakeyake imene anatola pokankha ndi kukoka zinthu kuyambira ali mwana, yoti chinthu chimayenda pokhapokha wina akamachikankha. Anthu ophunzira kwambiri anakhulupirira zofanana ndi zimenezi kwa zaka mazana ambiri Galileo ndi Newton asanabadwe. Mukangoyala fomula pamwamba pake, fomulayo amaisungira mayeso, koma akatuluka panja amaganizabe zakale zija.

Yambani ndi kuyeza zomwe zili m'mitu mwawo

Pali mayeso otchedwa Force Concept Inventory amene David Hestenes ndi anzake anatulutsa mu 1992. Ndi mafunso pafupifupi 30 osafuna kalikuleta. Aperekeni sabata yoyamba, mudzaperekenso kumapeto kwa semesita, ndipo musawawerengere ku malikisi. Mu 1998 Richard Hake anasonkhanitsa zotsatira za mayeso otere kuchokera m'makalasi 62 a ophunzira oposa 6,000. Kumene mphunzitsi ankangolankhula, ophunzira anakwaniritsa pafupifupi magawo 23 pa 100 a zimene ankapereweza poyamba. Kumene ankayankha mafunso ndi kukambirana m'kalasi, anafika pa 48.

Musamalenso mawu. Ife timati "mphamvu" ponena za force, energy ndi power, zonse zitatu. Wophunzira akhoza kulemba Chingerezi cholondola koma m'mutu mwake zitatuzi zili mtolo umodzi. Zimasuleni msanga, chilichonse ndi muyeso wake: newton, joule, watt.

Dulani phunziro lanu m'zidutswa

Apa ndi pamene pagona nkhani. Njira yoimitsa phunziro kuti ophunzira ayankhe funso ndi kukambirana anaitchukitsa Eric Mazur wa ku Harvard m'zaka za m'ma 1990, ataona kuti ophunzira ake ankakhoza masamu ovuta koma n'kumalephera mafunso osavuta ofuna kuganiza.

Fotokozani mfundo imodzi kwa mphindi khumi, kenako imani. Ikani funso la mayankho osankha. Mwachitsanzo: lole yodzaza katundu yagundana ndi kagalimoto kakang'ono, ndi iti yakankha inzake ndi mphamvu yaikulu? Apatseni mphindi imodzi yoganiza aliyense payekha, osalankhula. Kenako onse avote nthawi imodzi poika zala pachifuwa, kuti wina asaonere mnzake. Pafupifupi onse akakhoza, pitirirani. Ambiri akalephera, fotokozaninso mwa njira ina. Koma kalasi ikagawikana pakati, musanene yankho. Auzeni kuti aliyense apeze mnzake amene wayankha zosiyana naye, amukope.

M'holo mudzabuka phokoso ndipo mtima wanu udzafuna kuwakhalitsa chete. Pirirani. Tsikani pa nsanja, muyende pakati pa mabenchi, mumvetsere. Mudzamva wina akuti, "Iwe, ngati mphamvu zili zofanana, bwanji kagalimoto ndi kamene kaphwanyika?" Mnzake n'kumuyankha kuti kukankhana n'kofanana, koma thupi lopepuka ndi limene liwiro lake limasintha mwadzidzidzi kwambiri. Amene wangomvetsa kumene amakumbukirabe pamene panamuvuta, pomwe inu munaiwala kale. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu avotenso, ndiye inu mumange mfundo ya lamulo lachitatu la Newton, loti zinthu ziwiri zikakankhana, mphamvu zake zimakhala zofanana koma zolowera mbali zosiyana.

Mudzafunsa kuti nanga silabasi itha bwanji. Siyitha yonse m'kalasi, ndipo ndi bwino kuvomereza zimenezi poyambirira. Apatseni masamba oti awerenge asanabwere, nthawi ya m'kalasi muisungire zovuta.

Asanaone, alosere

Chionetsero chimene wophunzira wangochionera chimaiwalika msanga. Nyamulani buku ndi pepala, muzitaye padera: buku lifika pansi msanga. Tsopano ikani pepala laling'onoko pamwamba pa bukulo, mufunse chimene chichitike, alembe, ndiye mutaye. Zigwera limodzi. Mukatero aonetseni kanema wa 1971 wa Apollo 15, pamene David Scott anataya hamala ndi nthenga pa mwezi, zonse n'kufika pansi nthawi imodzi chifukwa kulibe mpweya.

Tengani zitsanzo m'maphunziro awo

Ambiri mwa ophunzirawa sadzakhala akatswiri a fizikisi. Anabwera kudzaphunzira bayoloje, kemisitiri kapena sayansi ya miyala, ndipo bokosi lotsetsereka pa thabwa siliwakhudza mtima. Pophunzitsa za kuyenda kwa zamadzimadzi, kambani za mtsempha wa magazi: malinga ndi lamulo la Poiseuille, mtsempha ukachepa m'mimba mwake ndi theka, magazi odutsamo amachepa ka 16 ngati mphamvu yowakankha sinasinthe. Pa za mafunde, auzeni kuti mafunde a chivomezi otchedwa S sadutsa m'zamadzimadzi, ndipo umu ndi mmene tinadziwira kuti gawo lakunja la chikatikati cha dziko ndi losungunuka. Carbon-14, mtundu wa kaboni wothandiza kudziwa zaka za zinthu zakale, amene amatha ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730, amawakopa onse.

Pa masamu, lamulo langa ndi limodzi ndipo sindilisintha: palibe fomula asanajambule chithunzi choonetsa mphamvu zonse zogwira pa chinthucho. Yankho lopanda muyeso ndimalibweza. Wina akadandaula, ndimamukumbutsa za Mars Climate Orbiter, chombo cha NASA chimene chinatayika mu 1999 chifukwa gulu lina linawerengera mphamvu m'mapaundi pomwe lina linkayembekezera ma newton.

Labu isakhale yongotsatira malangizo

Apatseni ulusi, kachitsulo, rula ndi wotchi ya pa foni, muwauze kuti apeze kukula kwa g, kusintha kwa liwiro la chinthu chakugwa chifukwa cha kukoka kwa dziko. Kachitsulo kolendewera pa ulusi wa mita imodzi kamapita ndi kubwerera m'masekondi pafupifupi 2. Asiyeni ayeze ulendo umodzi, aone mmene manambala awo akusiyanirana, mpaka wina aganize yekha zoyeza maulendo 20 n'kugawa. Gulu lopeza 9.5 n'kufotokoza bwino pamene kulakwitsa kwalowera lilandire malikisi ambiri kuposa lolemba 9.8 popanda umboni. Pamene zida zilibe, pulogalamu yaulere ya phyphox imasandutsa foni kukhala chida choyezera, ndipo zoyeserera za sayansi pa kompyuta zotchedwa PhET, zimene Carl Wieman anayambitsa ku University of Colorado mu 2002, ndi zaulere pa intaneti.

Chotsala ndi mayeso. Ophunzira amaphunzira zimene mumapereka malikisi, choncho pepala lanu likakhala la mafomula okhaokha, kukambirana konse kuja adzakuona ngati kutaya nthawi. Gawo limodzi mwa magawo atatu likhale la mafunso ofuna kufotokoza m'mawu ndi m'zithunzi. Funso la kampira lija mulibweretsenso, koma mulisinthe pang'ono: mpira ukhale woponyedwa chopendekera, ndipo ajambule mphamvu zoukhudza ukukwera, uli pamwamba, ndi ukutsika. Mukatha kuchonga, tulutsani timapepala ta tsiku loyamba tija, muwerenge kuti ndi angati amene tsopano ajambula muvi umodzi wokha woloza pansi pa malo onse atatu.