Momwe mungapangire AFM yoyezera maselo ndi molekyulu imodzi imodzi

AFM (atomic force microscope) ndi maikulosikopu, koma sionera ndi diso ayi, imachita kupapasa. Ili ndi kandodo kakang'ono kwambiri kotchedwa cantilever, kumapeto kwake kuli kansonga kakuthwa kamene kamakhudza chinthu chomwe mukuyezacho. AFM anaitulukira Gerd Binnig, Calvin Quate ndi Christoph Gerber mu 1986. Nde vuto ndi lakuti zamoyo ndi zofewa komanso zimafuna madzi, makina oyezera zitsulo mukawaika pa selo amangoiphwanya basi. Choncho pulani yonse izizungulira pa zinthu ziwirizi, kufewa ndi madzi.

Yambani ndi cantilever, osati bokosi kapena kompyuta. Mphamvu zomwe mukusaka ndi zazing'ono kwambiri, za ma piconewton (pN), mwachitsanzo DNA mukaikoka imayamba kutanuka mwadzidzidzi pa 65 pN. Ndiye sankhani cantilever yofewa ya silicon nitride, ya kulimba kwa pakati pa 0.01 ndi 0.1 N/m (newton pa mita). Ikakhala yaifupi ndi bwinonso chifukwa madzi saikaniza kwambiri ndipo imayankha msanga. Gulu la Toshio Ando ku Kanazawa University ku Japan linagwiritsa ntchito timacantilever tosapitirira ma micrometre 10 mpaka mu 2010 linaonetsa vidiyo ya puloteni yotchedwa myosin V ikuyenda pa kaulusi ka m'selo kotchedwa actin, molekyulu imodzi ikuponya mapazi zenizeni. Ine izi zimandisangalatsa mpaka pano.

Kenako laser. Imawala kumsana kwa cantilever nkubwerera pa photodiode, sensa ya kuwala yogawidwa panayi, cantilever ikapindika pang'ono kuwalako kumasuntha ndipo mumawerenga. Ngati mudzafuna kuona fluorescence (kuwala kochokera ku utoto woikidwa pa selo) nthawi imodzi, tengani kuwala kwa infrared kuti kusasokoneze. Apa pali kamsampha. Ma cantilever ambiri amapakidwa golide kuti kuwala kubwerere bwino, koma golideyo ndi amene amaipindisa pang'onopang'ono m'madzi, makamaka kutentha kukasintha, nde mumaona ngati pali mphamvu pomwe palibe. Gulu la Thomas Perkins ku JILA, Colorado, linaonetsa kuti kuchotsa golideyo kumachepetsa vutoli kwambiri.

Chosunthira nsonga kapena sampo chikhale piezo, kachipangizo kotanuka kakalandira magetsi, yokhala ndi masensa ake oyeza mtunda womwe yayenda, ija amati closed loop. Piezo payokha siibwerera ndendende pomwe inachoka, imapitirizanso kukwawa mutaiimitsa kale, ndiye mtunda wanu umakhala wabodza. Ngati cholinga ndi maselo amoyo, pangani kuti chosuntha chikhale nsonga osati sampo, mutu wonse wa AFM ukhale pamwamba pa maikulosikopu yoonera kunsi kuti muziona selo yomwe mukuigwira. Mwachitsanzo, maselo ofiira a magazi omwe alowedwa ndi tizilombo ta malungo amauma komanso amatuluka timabampu, AFM imatha kuyeza zonsezo.

Kachipinda ka madzi momwe mumakhala sampo kasadonthe, piezo imayendera magetsi amphamvu ndipo madzi amchere akaigwera yatha. Samalaninso ndi thovu, kathovu kamodzi pa cantilever laser yasochera.

Tsopano kugwedera, apa anthu amapeputsa koma mpomwe ntchito imafera. Chimango cholumikiza nsonga ndi sampo chikhale chachifupi ndi cholimba. Ikani makinawo chipinda chapansi kutali ndi jenereta ndi msewu, mu bokosi lotchinga phokoso. Ngati ndalama ya tebulo la mpweya lochepetsa kugwedera palibe, mwala wolemera wopachikidwa pa zingwe zotanuka za bungee umagwira ntchito ndithu. Mukathira madzi dikirani kaye kutentha kukhazikike, osathamanga.

Musakhulupirire nambala ya kulimba yolembedwa pa bokosi la ma cantilever. Yezani iliyonse nokha ndi njira ya Hutter ndi Bechhoefer ya 1993, yomwe imawerenga kunjenjemera kwa cantilever kobwera ndi kutentha.

Pomaliza yesani makinawo pa zinthu zodziwika kale. Matulani mica, mwala wa timapepala, ndi selotepi kuti pakhale posalala, thirani DNA ndi mchere wa magnesium kapena nickel kuti imate, jambulani mogogoda pang'onopang'ono, tapping mode, osati mokwekwereza. Zikatheka pitani pa titin, puloteni ya m'minofu yomwe Matthias Rief ndi Hermann Gaub ndi anzawo anaikoka mu 1997. Graph yanu ioneke ngati mano a sowo, dzino lililonse pakati pa 150 ndi 300 pN ndipo molekyulu izitalika ndi ma nanometre pafupifupi 28 pa dzino. Zikapanda kutuluka choncho bwererani pa kuyeza cantilever ndi masensa a piezo.