Mneni uja "get" ali ndi matanthauzo ambiri, musaloweze limodzi lokha

Anzanga amene mukuphunzira Chingerezi, makamaka a Fomu 4 amene mukukonzekera MSCE, mukaona "get" musamangothamangira kuti ndi kupeza basi. Muziyamba mwayang'ana mawu amene abwera pambuyo pake, amenewo ndi amene amakuuzani nkhani.

Likatsatira dzina la chinthu ndiye kulandira, kugula kapena kupeza, "I got your message" ndiye kuti meseji yafika. Akatsatira mawu ofotokoza mmene zinthu zilili ndiye kusintha, "get tired" kutopa, "it's getting dark" kunja kukuda. Akatsatira malo ndi kufika, "get to Limbe", koma home safuna "to" ayi, mumangoti "get home".

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa timawu ting'onoting'ono tija totsatira "get", monga "on", "off", "in" ndi "out". Basi, sitima ndi ndege mumati "get on" pokwera, "get off" potsika, koma galimoto yaing'ono kapena takisi ndi "get in" ndi "get out", apa ambiri amasokoneza ndithu ngakhale oyankhula bwino omwe. "Get over" ndi kuchira matenda kapena kuiwala chibwenzi chomwe chinatha, "get along" kugwirizana ndi munthu, ndipo wina akati "I don't get it" sikuti mwamumana kanthu, sanamvetse zomwe mwanena, mufotokozereninso.

"Gotten" ija mumaimva m'mafilimu ndi ya ku America, kusukulu kuno timatsata cha ku Britain ndiye lembani "got". Komanso m'kalata yofunsira ntchito "get" mumuchepetse, pamenepo "receive", "arrive" ndi "become" amamveka bwino.