Musanachotse ma drum pa Land Rover kapena Land Cruiser yanu yakale

Eni galimoto zakale zokoka mawilo onse anayi, zija zimatuta chimanga ndi fodya m'maesiteti ndi kunyamula odwala kumamishoni, ambiri amafunsa ngati n'koyenera kuchotsa mabuleki a drum (chitsulo chonga mphika chozungulira ndi wilo) n'kuika a disc (chitsulo chonga mbale chomwe chimapanidwa mbali zonse ziwiri). Yankho langa n'lakuti inde, koma kutsogolo kokha, ndipo ntchitoyo igwiridwe yonse, osati mwachigamba.

Land Rover Series III, yomwe inkapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, inkatuluka ndi ma drum mawilo onse, ndipo ma Land Cruiser 40 oyambirira analinso choncho. Drum ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi ma shoe, omwe amaikhula m'kati kuti galimoto iime; phazi limafika pansi koma galimoto osaima. Amene anatsikapo phiri la Golomoti, kapena msewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa, atadzaza matumba, fungo lake amalidziwa. M'dzinja vuto limakhala lina. Mukawoloka mtsinje, madzi ndi matope zimatsalira m'kati mwa drum, galimoto n'kumakokera mbali imodzi mpaka ziume. Disc ili pamtetete: mphepo imaiziziritsa, madzi amadzichokera ikamazungulira, ndipo ma pad oipana safuna kuchunidwa pafupipafupi.

Komabe musanatulutse ndalama, uzani amakaniko atsegule ma drum muone limodzi. Galimoto zambiri zomwe eni ake amati zilibe mabuleki, vuto limakhala ma shoe onyowa ndi oyilo wodontha pa hub, ma cylinder okankha ma shoe atagwira dzimbiri, kapena mapaipi a labala otupa. Zimenezi n'zotchipa kukonza. Ngati galimoto yanu imangozungulira pamunda pamalo athyathyathya, ma drum osamalidwa bwino akukwanirani.

Mukatsimikiza zosintha, nkhani yagona pa zipangizo. Pa Land Cruiser 40 amisiri ambiri amatenga ma knuckle (mfundo zomwe mawilo akutsogolo amakhotera), ma hub, ma disc ndi ma caliper (zokanikizira ma pad ku disc) a Land Cruiser 60, chifukwa ma axle ake ndi apachibale. Tengani zonse pagalimoto imodzi. Kutola caliper kuno, disc uko, ndiko kumabala mabuleki ogwira mbali imodzi. Za Land Rover Series pali zipangizo zopangidwira ntchito yomweyi. Chimene ndimakaniza kwamtuwagalu ndi bulaketi yogwira caliper yowotcherera pansi pa mtengo. Mphamvu yonse yoimitsa galimoto yodzaza imathera pachitsulo chimenecho, ndipo chikathyoka sichichenjeza. Yesaninso rimu musanalipire, poti ma rimu ena akale amakhula caliper.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Disc imafuna kukanikizidwa mwamphamvu kuposa drum, chifukwa shoe ya drum imadzikokera yokha kuchitsulo ikagwira, pomwe pad satero. Choncho galimoto yopanda booster (chowonjezera mphamvu ya phazi lanu pa buleki), mukaika ma disc pedulo imalimba ngati mwala. Ikani booster pamodzi ndi master cylinder (mpope wokankha mafuta a mabuleki mukaponda pedulo) yogwirizana ndi ma caliper anuwo, makamaka ya njira ziwiri, kuti paipi yakutsogolo ikaphulika yakumbuyo itsale ikugwira. M'ma master cylinder ena a ma drum mumakhala kavalavu kosunga mphamvu pang'ono m'paipi ngakhale mwachotsa phazi. Ku ma drum n'kothandiza, koma ku disc kamachititsa kuti ma pad azingokhula, wilo n'kumatentha. Kachotsedwe panjira yakutsogolo. Mufunikanso valavu yogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Popanda iyo, mawilo akumbuyo angathe kuyamba kumanga galimoto ikakhala yopanda katundu, ndipo pamsewu wamiyala kapena wonyowa kumbuyo kumazungulira kudza kutsogolo.

Kumbuyo musachotse ma drum. Poima kulemera kumathamangira kutsogolo, ndiye ntchito yaikulu ili kumeneko. Eni Land Rover Series asadere nkhawa za handibuleki, poti ili ndi drum yakeyake kuseri kwa transfer box.

Pomanga, onetsetsani kuti kanipo kotulutsira mpweya pa caliper kali m'mwamba. Mukasinthanitsa caliper yakumanja ndi yakumanzere kamakhala pansi, ndipo mudzapopa tsiku lonse pedulo ili wofewabe. Pindani chiwongolero mbali zonse mpaka kumapeto, muone ngati paipi ya labala sikukokeka kapena kukhudza tayala. Thirani mafuta a mabuleki atsopano a DOT 4 ochokera m'botolo losatsegula; mafutawa amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse.

Ma pad atsopano sagwira bwino tsiku loyamba. Pezani msewu wopanda anthu, muthamange pang'ono n'kumaponda buleki mosafika poimiratu kangapo konse, kenaka muyende kuti zizizire. Yesani galimoto ili yopanda kanthu, muyesenso itanyamula. Mukatero dziwitsani a inshuwalansi kuti mwasintha mabuleki, ndipo kapimitseni galimotoyo musanayambe kunyamula anthu. Potsika phiri, giya yotsika ikufunikabe monga kale, pakuti disc nayonso imatentha mukaiponda kuchokera pamwamba mpaka pansi.