Kujambula nsanja ya wotchi ndi mlatho wa Shire usiku pa foni

Mlamu wanga wa ku Namwera amati foni yanga ya Tecno ili ndi mankhwala, chifukwa zithunzi zanga za nsanja ya wotchi ya pa boma la Mangochi zimatuluka zowala pomwe zake zimangooneka ngati utsi. Foni zathu n'zofanana ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amajambula ataimirira, dzanja limodzi m'thumba, mdima utagwiriratu.

Yambani ndi nthawi. Kuno dzuwa likalowa, mdima suchedwa. Mu June limalowa 5 koloko itapitirira pang'ono, mu December cha m'ma 6, ndipo mphindi 20 zotsatirazo ndiye zanu. Kumwamba kumakhala kukadali kobiriwira, magetsi a m'masitolo ayaka kale. Ine sindiyang'ana wotchi: ndikamva kuitana kwa swala ya Maghrib ku mzikiti, ndimadziwa kuti ndiyenera kukhala nditafika. Mukadikira 8 koloko, nsanjayo idzamira mumdima ndipo chotsala chidzakhala mababu okhaokha.

Musanachite chilichonse, pukutani galasi la kamera ndi nsonga ya malaya. Ndi thukuta la kuno komanso zala zomwe zagwira chambo chokazinga, galasilo limachita mafuta, kenako nyali iliyonse imatuluka ndi michira. Zimitsaninso fulashi. Kuwala kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu, ndiye chomwe mungapindule ndi tizilombo touluka pamaso panu basi.

Nkhani yaikulu ndi kusagwedeza foni. Kukada, kamera imafuna nthawi yaitali kuti itolere kuwala. Night Mode, njira yojambulira usiku ya mu kamera ya foni, imajambula zithunzi zingapo motsatizana kwa masekondi awiri mpaka asanu, n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Nthawi yonseyo dzanja lanu limanjenjemera ngakhale inu muziona ngati lili phee. Ine thirayipodi, choimikira kamera cha miyendo itatu chija, ndilibe. Ndimayenda ndi kathumba ka mpunga kolemera theka la kilogalamu, ndimakaika pakhoma kapena pakaliyala ya njinga, n'kukhazika foni pamenepo. Kenako ndimatchera timer pa masekondi atatu kuti chala chisakhudze foni ikamajambula.

Pamlatho wa Bakili Muluzi ndinaphunzirapo mowawa. Ndinakhazika foni pachitsulo cha m'mbali, zonse zili bwino, ndiye panatulukira lole yodzaza katundu ikulowera ku Chiponde. Mlatho wonse unanthunthumira, chithunzi chinasanduka phala, ndipo foni ndinachita kuiwakha ikupita kukamwa madzi mu Shire. Chiyambire tsikulo ndimaimangirira kachingwe padzanja, ndipo mlathowo ndimaujambula ndili pansi, chapatali. Pansipo musayandikire madzi kwambiri. Ng'ona sizidziwa kuti mwabwera kudzajambula.

Foni ikakhazikika, dinani pasikirini pamalo owala kwambiri, monga pakhoma la nsanja pomwe pakugwa kuwala. Padzaoneka kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni pansi pang'ono. Foni payokha imakonda kusandutsa usiku kukhala masana, zomwe zimapsereza malo owala. Usiku uzioneka kuti ndi usiku.

Ngati kamera ya foni yanu ili ndi Pro, pomwe mumatchera nokha zonse, ikani ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa 100 kapena 200, chifukwa mukaikweza kwambiri chithunzi chimachita timadontho ngati mchenga. Shutter, yomwe ndi nthawi imene kamera imatolera kuwala, iikeni pa masekondi awiri kapena anayi, dikirani minibasi kapena njinga yamoto idutse. Nyali zake zimasanduka mizere yofiira ndi yoyera, pomwe nsanja ili chiimire. Chithunzi chimenechi n'chomwe chinapangitsa mlamu kuyamba kukamba za mankhwala.

Zoom ayi. Yendani ndi miyendo. Mukayandikira mudzaonanso zomwe ambiri amangodutsa osazipenya. Nsanjayi anaimanga pokumbukira Mfumukazi Victoria, yemwe anamwalira mu 1901, tauni ino ikadali Fort Johnston. Pafupi pake pali mfuti ya Hotchkiss yochokera m'sitima ya Guendolen, yomwe mu August 1914 inakaphwanya sitima ya Ajeremani panyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anafa sitima ya Vipya itamira mu 1946. Ndimakonda kunjuta kuti mfutiyo ikhale kutsogolo, nsanja kumbuyo. Malemba a pachikumbutsocho ndimapempha mnzanga awaunikire ndi tochi ya foni yake kuchokera chammbali, osati molunjika, ndipo amawerengeka bwino.

Akabaza oima pafupi muziwapempha kaye. "Achimwene, ndikujambuleni?" Ambiri amavomera, ena amachita kukonza kolala. Koma auzeni aime nji mpaka mutanena, apo ayi atuluka ngati mizukwa. Miyezi ya mwera, June ndi July, tchingani foni ndi thupi lanu, ndipo miyezi ina yonseyo valani thalauzi, poti udzudzu wa m'mbali mwa Shire sudikira timer.

Potumiza pa WhatsApp, sankhani Document. Mukatumiza ngati chithunzi wamba, WhatsApp imachifinya, ndipo kumwamba komwe munavutikira kuja kumafika kwa mnzanu kuli zigambazigamba.