Momwe mungasankhire ndi kumangirira GPS yam'manja m'ndege yaying'ono

Anthu ambiri akafuna GPS ya m'ndege amayamba ndi kufunsa mtengo, kenako n'kusirira sikirini yaikulu, ndipo funso lakuti chipangizocho chikakhala pati amalikumbukira katundu atafika kale. Ine ndimalangiza kuti muyambire kumapetoko. M'chipinda cha woyendetsa Cessna 152 kapena 172 malo ndi ochepa kwambiri, moti malowo ndi amene ayenera kukuuzani kukula kwa sikirini, ndipo kukulako n'kumene kumadzatchula mtengo.

Gawo 1: Kakhaleni m'ndegemo ndi katoni

Dulani zidutswa ziwiri za katoni. China chikhale chofanana ndi GPS ya mainchesi 5, china cha mainchesi 7. Kumbukirani kuti sikirini amaiyeza mopingasa, kuchokera pangodya ina kufika pa ina: mainchesi 5 ndi masentimita 12.7, pomwe mainchesi 7 ndi pafupifupi masentimita 18. Onjezerani chala chimodzi m'mbali monse chifukwa cha chikombole chake.

Khalani pampando monga mumakhalira pouluka, mutamanga lamba. Ikani katoniyo pa yoke, chiwongolero cha ndege, ndipo muone chimene yabisa. Ngati simukuonanso bwino chida choonetsa liwiro, choonetsa kutalika kapena maswichi a m'munsi, kukula kumeneko sikukuyenerani, ngakhale ndalama zilipo. Kokerani yoke mpaka pamimba, muikankhirenso kutsogolo, muipotoze kumanja ndi kumanzere mpaka pothera. Katoni ikakhudza mawondo kapena panel, bolodi la zida lomwe lili kutsogolo kwanu, dziwani kuti chipangizo chenichenicho chidzagunda pomwepo, ndipo icho sichipindika ngati katoni.

Gawo 2: Sankhani kukula kwa sikirini

Pa zipangizo za Garmin zomwe zili pamsika, ziwiri ndi zomwe zimatchulidwa kawirikawiri. Aera 660, yomwe inatuluka mu 2016, ili ndi sikirini ya mainchesi 5. Aera 760 ya mu 2020 ndi ya mainchesi 7. Zakale monga GPSMAP 296 ndi 496 zili ndi sikirini yosafika mainchesi 4 ndipo zimayendera mabatani, pomwe GPSMAP 696 ndi ya mainchesi 7 koma ndi yolemera.

Kwa wophunzira kapena wouluka masana akuona pansi, ndimaona kuti mainchesi 5 ndi okwanira. Chimene mukufuna pa sikirinipo ndi mzere wa ulendo, mtunda wotsala, malire a mlengalenga ozungulira bwalo la ndege la Kamuzu kapena la Chileka, ndi mapiri. Mainchesi 7 amathandiza kwenikweni munthu amene amawerengerapo matchati otsikira pabwalo, kapena amene maso ayamba kuvuta pa zilembo zing'onozing'ono. Mabatani akale aja musawanyoze: masana a mu Okutobala, ndege ikamaponyedwa ndi mpweya wotentha, chala chimaphonya pa sikirini yokhudza koma sichiphonya batani.

Njira ina ndi iPad mini, ya mainchesi 8.3 pa zatsopano, yokhala ndi pulogalamu monga Garmin Pilot, SkyDemon, ForeFlight kapena EasyCockpit ya ku South Africa. Apa pali misampha iwiri. IPad ya Wi-Fi yokha ilibe GPS mkati. Yomwe ili nayo ndi ija yolandira SIM khadi, apo ayi mugule kachipangizo kapadera monga Garmin GLO 2. Chachiwiri ndi kutentha. Apple imati iPad igwire ntchito pa kutentha kosapitirira madigiri 35, ndipo ikapsa ndi dzuwa imazimitsa sikirini mpaka itazizira. Ndege yomwe yaima pabwalo ku Mangochi kapena ku Nchalo masana imadutsa madigiri amenewo injini isanalire n'komwe. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri chipangizo chopangidwira m'ndege, iPad n'kukhala yothandizira.

Gawo 3: Werengerani mtengo wonse, osati wa m'bokosi wokha

Ku America, aera 660 yakhala ikugulitsidwa pakati pa madola 700 ndi 900, pomwe aera 760 inatuluka pa mtengo wa pafupifupi madola 1,600. Choncho mainchesi awiri owonjezerawo akudya ndalama zokwana kugula ina yaying'ono. Mitengo imasintha, ndiye funsani ogulitsa awiri kapena atatu. Ambiri kuno kwathu amaitanitsa kuchokera ku Johannesburg. Pamwamba pake ikanipo zotumizira, msonkho wa pachipata, ndi vuto lopeza ndalama zakunja lomwe tonse tikulidziwa.

Ndalama yomwe anthu amaiwala ndi ya database, nkhokwe ya uthenga yomwe imakhala m'chipangizomo. Uthenga wa mabwalo, mafulikwense a wailesi ndi malire a mlengalenga umasinthidwa masiku 28 aliwonse padziko lonse, ndipo kuti muzilandira zatsopanozo mumalipira. Garmin inagawa dziko m'zigawo: Americas, Atlantic ndi Pacific. Africa ili mu Atlantic. Mukagula chipangizo kwa m'bale amene ali ku America, mosakayika chibwera ndi mabwalo a kumeneko, ndipo mukalemba FWKI kapena FWCL, zilembo zoimira mabwalo a Kamuzu ndi Chileka, sichipeza kanthu mpaka mutagula database yoyenera.

Pali ndalama inanso yomwe simuyenera kuitaya. Ogulitsa amatamanda zipangizo zolandirira zanyengo m'ndege, koma zanyengo za ulere za ADS-B, zomwe nsanja za pansi zimatumiza ku ndege, zimaulutsidwa ku United States kokha, ndipo SiriusXM, ya pa satelayiti, imafika ku North America basi. Kuno sizikupatsani mtambo ngakhale umodzi.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale ntchito, onani pa tsamba la Garmin ngati mtunduwo ukulandirabe database, yesani batire, ndipo itulutseni padzuwa muone ngati sikirini ikuwerengeka.

Gawo 4: Mangirirani

Malo alipo anayi. Pa yoke ndi pomwe ambiri amakonda chifukwa chipangizo chimakhala pafupi ndi maso, koma kulemera kwake kumamveka m'manja, makamaka cha mainchesi 7, ndipo mapu amapendekeka mukamakhota. Chomatira pagalasi la m'mbali, monga za RAM Mounts, n'chabwino m'ndege ya sukulu kapena yobwereka chifukwa sichisiya chizindikiro. Vuto lake n'lakuti mpweya umachepa mphamvu mukamakwera, ndiye chomatira chomwe chinagwira bwino pansi chikhoza kusiya muli m'mwamba. Pukutani galasi, chimateni mwamphamvu, ndipo mangirirani kachingwe kuti chikagwa chisakagwere kumapedo. Pabondo, ndi lamba wapantchafu, ndi poyenera iPad kapena ndege ya ndodo m'malo mwa yoke, ngakhale kuweramira pansi kawirikawiri kumachotsa maso kunja. Njira yachinayi ndi kulowetsa mu panel pogwiritsa ntchito chotengera cha AirGizmos. Imeneyi ndi yaudongo kuposa zonse, koma ndi kusintha ndege, ndipo aigwire ndi injiniya wovomerezeka, ailembe m'mabuku a ndegeyo. Osaboola panel nokha.

Kulikonse kumene mwasankha, chitalikitseni ndi kampasi. Yang'anani kampasi GPS isanaikidwe, muiike, muiyatse, muyang'anenso. Ikasuntha, sunthani GPS. Pamwamba pa panel musaikepo: pamatentha, pali pafupi ndi kampasi, ndiponso pamabisa ndege ina yomwe ikubwera kutsogolo kwanu.

Gawo 5: Magetsi ndi chingwe

Batire ya ma aera imatha maola ngati anayi, ndipo sikirini ikawala kwambiri imatha msanga. Funsani injiniya ngati soketi ya m'ndegemo ikutulutsa mavoti 12 kapena 24, chifukwa ndege zing'onozing'ono zimasiyana. Chingwe chidutse komwe sichingakole yoke, throttle (chowonjezera mphamvu ya injini) kapena gudumu la trim (lopepukitsa yoke m'manja), ndipo pa yoke siyani chotsala chokwanira kuti ikokedwe mpaka kumapeto. Chaja yotchipa ya pamsika imatha kulowetsa phokoso mu wailesi. Mukamva kusokosa m'mahedifoni, izuleni muone ngati kwatha.

Gawo 6: Yesani pansi, kenako m'mwamba

Lowetsani ulendo muli kunyumba kapena injini isanayake, osati mukuyenda pa taxiway, kanjira ka ndege kopita ponyamukira. Onetsetsani kuti miyezo ili mu ma nautical mile, ma knot ndi mafiti. Poyesa ziwongolero musananyamuke, chitani zimenezo GPS ili pamalo pake. Ulendo woyamba ukhale wodziwika, monga Lilongwe kupita ku Salima, mapu a pepala ali pafupi, kuti muyerekeze zomwe chipangizo chikunena ndi zomwe maso akuona.

GPS yam'manja si yovomerezeka kukhala chida chachikulu choulukira m'mitambo. Imaonetsa mapiri mofiira ndi mwachikasu, inde, koma kutalika komwe imaonetsa kumasiyana ndi kwa altimeter, chida cha m'ndege choonetsa kutalika, ndipo mitengo ndi nsanja zina sizili mu database. Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndipo chiperoni chikatsika mu Juni, kapena nkhungu ikaphimba Viphya, mzere wa pa sikirini umaonekabe woongoka ngati kunja kuli bwino. Nthawi imeneyo dinani NRST kapena Nearest, pomwe pamaonetsa mabwalo apafupi, muone bwalo lapafupi lomwe kuli koyera, ndipo mukhotere kumeneko.