Ma VPC atatu osamvana

Dzulo ndatuluka mu ofesi ku Ginnery Corner cha m'ma 8 usiku, chifukwa cha VPC peering pa AWS, cloud ya kampani ya Amazon. VPC ndi network yanuyanu pa cloud, ndipo peering ndi kulumikiza ma VPC awiri kuti azilankhulana. Tili ndi ma VPC atatu, A ndinailumikiza ndi B, B ndi C, ndiye mumtima ndimati A izifika ku C kudzera pa B. Ayi ndithu, ping (kauthenga koyesera ngati mbali inayo ikuyankha) imangofera m'njira, kani peering siidutsitsa traffic kwa wachitatu. Ndayesa kulumikiza A ndi C mwachindunji, yakana, ma CIDR (mndandanda wa ma IP address a VPC) a A ndi C onse anali 10.0.0.0/16, pomwe peering siilola ofanana! CIDR yoyamba siisinthika, ndiye C ndinaimanganso pa 10.2.0.0/16, mwayi inali yongoyeserapo, kenako ndailumikiza ndi A, ndakonza ma route table (olozera traffic kopita) mbali zonse ziwiri, pa security group (firewall ya pa AWS) ndatsegula port 5432, khomo lolowera ku database yathu, basi database yayankha.