Mmene Mungakonzere Msonkhano wa Mabanja Okhala ndi Matenda Osapezekapezeka Otengera kwa Makolo

Matenda osapezekapezeka alipo oposa 6,000, ndipo ambiri ndi otengera kwa makolo, choncho banja limatha zaka lisanakumane ndi lina lolimbana ndi vuto lomwelo. Yambani ndi kupempha dokotala kuti aitanire mabanja ena, popeza iye saloledwa kukupatsani maina a odwala. Sankhani malo amene njinga ya olumala ingalowe mosavuta, ndipo itanani katswiri wofotokoza mmene matendawa amayendera m'banja, chifukwa makolo ambiri amadziimba mlandu pachabe. Komabe katswiriyo asatenge nthawi yonse, pakuti phindu lalikulu lili pa zimene makolo amauzana okhaokha, monga kadyetsedwe ka mwana kapena zomuuza mphunzitsi. Abale ake a wodwalayo apatsidwenso mpata wolankhula. Tsiku lomaliza la February ndi loyenera, chifukwa kuyambira 2008 limakumbukira matendawa.